Walira mvula walira matope: mawu anga pa mtsutso wa chamba

Mu 2015, phungu wa kumpoto kwa boma la Ntchisi, a Boniface Kadzamira, adaimirira m'Nyumba ya Malamulo n'kupempha kuti dziko lino liyambe kulima chamba cha m'mafakitale. Aphungu anzawo adafa nacho chiseko. Patangotha zaka zisanu, mu Febuluwale 2020, nyumba yomweyo idavomereza lamulo lolola ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo padabadwa bungwe la Cannabis Regulatory Authority loti lizipereka ziphaso. Munthu adasekedwa uja ndiye adakhala wapampando wake. Mu Malichi 2024 aphungu adapondanso phazi lina pogwirizana ndi a Peter Dimba kuti chamba chathu chamakolo, chija alendo amachitama kuti Malawi Gold, nachonso chizilimidwa ndi chilolezo.

Kuyambira pamenepo, pa siteji ya kabaza, pa bawo, kuseri kwa makalasi a sekondale, mawu ndi amodzimodzi: "Fodya wamkulu anamuloleza, madala, inu simunamve?" Ana anga, kandimverere adakanena za m'maluwa. Chimene aphungu adalola ndi kulima, kufufuza ndi kupanga mankhwala kapena katundu, kwa yekhayo amene ali ndi chiphaso m'manja. Za kusuta sadazikhudze. Lamulo lakale lija la Dangerous Drugs Act likadali ndi mano ake onse, ndipo wapolisi akakupeza ndi kandudu m'thumba la malaya, ukagona m'chitokosi lero lomwe.

Komabe funso la kusutalo lili m'njira. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri akusaka moyo, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula mu Sepitembala 2018 kuti munthu wamkulu wosuta chamba m'nyumba mwake asamangidwe, ndipo mu 2024 chigamulocho chidasanduka lamulo lolembedwa. Dziko la Germany nalo lidalola kusunga ndi kulima chamba chochepa kuyambira mu Epulo 2024. Anyamata obwera ku Joni pa Khirisimasi amafika ndi nkhani zimenezi pamodzi ndi mabulangete ndi mafoni. Posachedwa wina adzaimanso m'nyumba ija n'kunena kuti nafenso tilole kusuta. Tsiku limenelo sindikufuna kuti aphungu adzaseke ngati mu 2015, komanso sindikufuna kuti adzaombe m'manja asadaganize.

Ndakhala ndikumvetsera mtsutsowu pa wailesi, m'maminibasi, ngakhale pa siwa, ndipo chimene ndaona n'chakuti anthu amakangana mpaka kutupa mitsempha ya pakhosi pomwe aliyense akunena zakezake. Wina akati "tiloleze" akuganiza za munda. Wina akuganiza za mwana wake amene ali ku ndende ya Maula. Winanso akuona kale shelefu ya m'golosale itadzaza mapaketi a chamba pambali pa shuga ndi machesi. Mphuno imodzi silowa zala ziwiri, nanji zitatu. Maganizo anga sindiwabisa: munda timutsegulire mlimi wamng'ono, wosuta timuchotse m'ndende timutengere kuchipatala, koma golosale ikhale chitsekere.

Chamba chidayamba kulimidwa kuno kalekale. M'mapiri a Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Mzimba muli mabanja amene adalipirira ana sukulu ndi mbewu imeneyi mwakabisira. Amalima kutali ndi msewu, m'zigwa momwe galimoto ya polisi singafike, n'kukulunga mitu yake m'makungwa a nthochi, kumanga zolimba ndi luzi kuti ikhwime bwino. Wolemera nacho si iwowo ayi. Ndi dobadoba amene amagula pamtengo wolira, n'kubisa matumba pansi pa makala kapena nsomba zouma, mpaka katundu kukatulukira ku Harare kapena ku Johannesburg. Likagwa tsoka, wogwidwa amakhala mlimi ndi dalaivala, mwini katundu akugona tulo kwawo.

Lamulo la 2020 litafika, ambiri tidati mwina nthawi ya mlimi uja yakwana. Mitengo ya ziphaso itatuluka tidagwira pakamwa: madola 10,000 a ku America kuti ulime chamba cha mankhwala, madola 2,000 cha m'mafakitale. Mlimi amene amalephera kuombola thumba la feteleza wotsika mtengo angawapeze kuti madola 10,000? Adauzidwa kuti alowe m'makopaletivi. Adalowadi, ena atagulitsa ziweto, ena atatenga ngongole, kusonkha za chiphaso, za mbewu yochokera kunja ndi za maphunziro, pokhulupirira anthu amene adalonjeza msika wa kutsidya kwa nyanja. Ambiri adakolola n'kukhala nacho chigwirire, wogula osaoneka. Mu Novembala 2021 unduna wa zamalimidwe udafika polembera kalata katswiri wankhonya wa ku America, Mike Tyson, kumupempha kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi, msika weniweni wa alimi usadaoneke n'komwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ife amene tidakulira m'fodya nyimbo imeneyi timaidziwa mathero ake. Fodya wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja za dziko lino, koma pitani mukaone nyumba ya tenanti ku Kasungu kapena ku Mchinji, mukaone nkhope za alimi mabelo awo akabwezedwa pa okushoni ku Kanengo. Chamba chikayenda njira yomweyo, ndiye kuti tangosintha tsamba, umphawi ndi womwewo. Tsono inu aphungu, ngati mukufunadi kuti mbewuyi idzalowe m'malo mwa fodya, chiphaso chitsike mtengo ndipo chiziwerengedwa m'makwacha. Wogula aonetse ndalama zake mlimi asadabzale. Mafuta ndi ulusi zizipangidwa konkuno, pakuti kafukufuku adachitika kale ku Chitedze ndipo nzeru zilipo. Nanunso alimi anzanga, musazule chimanga chifukwa cha lonjezo la pa wailesi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Koma nkhani imene imandisowetsa tulo ndi ya ndende.

Mu 2022 dziko lonse lidayankhula pamene khoti la majisitireti ku Blantyre lidalamula mnyamata wosakwana zaka 20 kuti akagwire ukaidi wa zaka 8 atapezeka ndi chamba chambiri, pomwe m'nyengo yomweyo mkulu wina wa kampani yaikulu, wopezeka nacho kunyumba kwake, adalipira chindapusa n'kubwerera. Achinyamata adachita zionetsero m'misewu, ndipo khoti lalikulu lidachepetsa chilangocho. Milandu iwiriyo sidali yofanana kukula, zimenezo n'zoona. Koma anthu adaonamo chimene akhala akuchiona masiku onse, kuti lamuloli limalemera pamsana pa wosauka. Wandalama amaitana loya. Wakabaza amavomera mlandu asadamvetse n'komwe zimene womasulira wanena.

Amene sadalowemo m'ndende zathu sadziwa. Chipinda chomangidwira anthu ochepa chimadzaza moti ena sagona chotambalala. Amakhala tsonga m'mizere usiku wonse, wina pakati pa miyendo ya mnzake, kakhalidwe kamene akaidi amakatcha shamba. Chakudya ndi kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nandolo kapena nyemba. Mphere ndi chifuwa chachikulu zimayenda mzere ndi mzere. Mu 2009 khoti lidanena poyera kuti kuthithikana kotere n'kuzunza anthu ndipo n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Zaka zapitapo zambiri, kuthithikana kukadalipo. M'menemo ndi momwe timaponya mnyamata wa zaka 19 wogwidwa ndi ndudu ziwiri. Amalowa akungodziwa kusuta. Amatuluka akudziwa kuthyola loko, atadziwana ndi ogulitsa enieni, sukulu itamuthera, dzina litada moti ngakhale ntchito ya ulonda amamukana. Boma lamudyetsa miyezi yonseyo ndi msonkho wathu. Tamuchiza chiyani?

Dziko la Portugal lidafika pa funso lomweli lili pamavuto oposa athu. M'zaka za m'ma 1990, pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse kumeneko ankagwiritsa ntchito heroin, ndipo Edzi inkafala kudzera m'majakisoni obwerekana. Mu 2001 adasintha lamulo. Kugulitsa sadaloleze, wogulitsa amamangidwa mpaka lero. Chimene adachita n'chakuti munthu wopezeka ndi mankhwala ongomukwanira iye mwini masiku 10 asapite kwa woweruza, koma akaonekere pamaso pa kabungwe ka anthu atatu, mmodzi wodziwa malamulo, enawo azaumoyo kapena oona za chisamaliro cha anthu. Amamufunsa za moyo wake, za ntchito, za kwawo, n'kuona ngati akufunika chithandizo, chenjezo kapena chindapusa. Ndalama zambiri adaziika ku zipatala zothandiza ofuna kusiya ndi kuwapezera ntchito akachira. Anthu opezeka ndi kachilombo ka HIV kudzera m'majakisoni adatsika kuchoka pa oposa 1,000 pachaka kufika pa osakwana 100, ndipo imfa zobwera ndi mankhwalawa zidakhala m'gulu la zotsika kwambiri kumadzulo kwa Ulaya. Ndikamva za kabungwe kameneka ndimaona bwalo la kwa mfumu, pomwe wolakwa amakhala pansi pakati pa anthu omudziwa, amadzudzulidwa, amalipa nkhuku, n'kubwerera kukalima. Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife.

Koma safunsa adadya phula. Amene amatchula Portugal azitchulanso Oregon. Chigawo chimenechi cha ku America chidavota mu Novembala 2020 kuti wopezeka ndi mankhwala ochepa, ngakhale oopsa, asamangidwe. Ankangopatsidwa kapepala ka chindapusa cha madola 100, komwe kankafafanizidwa akaimba foni ku nambala ya uphungu. Oimba adali ochepa zedi. Ndalama za zipatala zidachedwa kufika, ndipo nthawi yomweyo mankhwala oopsa otchedwa fentanyl adasefukira m'misewu ya mzinda wa Portland m'chigawomo. Akatswiri akutsutsanabe ngati imfa zidakwera chifukwa cha lamulolo kapena chifukwa cha fentanyl, koma anthu wamba adatopa ndi zimene ankaona m'makonde a masitolo, ndipo mu 2024 aphungu a kumeneko adabwezeretsa chilango. Portugal pochotsa wapolisi idaika namwino pamalo pake. Oregon idachotsa wapolisi namwino asadafike. Ndipo ku Portugal komweko, boma litachepetsa ndalama za ntchitoyi pa nthawi ya mavuto a zachuma cha m'ma 2012, madandaulo adayambanso kumveka m'mizinda ngati Porto.

Tsono tidzifunse, namwino wathu ali kuti? Dziko la anthu oposa 20 miliyoni lili ndi chipatala chachikulu chimodzi chokha cha boma cha matenda a muubongo, cha ku Zomba. A St John of God amathandiza ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Madokotala akuluakulu a matendawa ndi owerengeka. Ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18.

Ndidaonapo mayi wina wa kwathu akukweza mwana wake pa lole ya matola, manja atamangidwa kumbuyo ndi chitenje chimene mayiyo adavula m'chiuno, amalume awiri atamugwira mapewa. Mnyamatayo adali wanzeru m'kalasi, woimba kwaya. Adayamba kusuta ali Sitandade 8. Pofika chaka chimenecho ankati wailesi ikumunena, ankabisa mpeni kunsi kwa mphasa, adasiya kusamba, ndipo usiku wina adayatsa nkhokwe ya agogo ake ponena kuti mwabisala anthu omuzonda. Asadaganize za chipatala, abale adayamba azungulira naye kwa asing'anga ndi kumapemphero a kuphiri, mbuzi zonse n'kuthera kumeneko. Pa lolepo mayiyo sankalira. Ankangomupukuta kukamwa ndi nsonga ya mpango, n'kumamuitana ndi dzina lake laubwana.

Sindikunena kuti aliyense wosuta amapenga. Tonse tikudziwa madoda amene asuta kuyambira unyamata wawo, akulima, akulera ana, akuweruza milandu ya m'banja. Achinyamata mukatiuza zimenezi simunama, ndipo ife akulu tikamakana zoonekeratu timangodzichotsera ulemu pamaso panu. Koma imvani zimene madokotala apeza. Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25. Mwa anthu 10 osuta chamba, pafupifupi mmodzi chimamulowerera moti chibaba chake chimamulamulira, ndipo kwa oyamba ali achichepere ndi mmodzi mwa 6. Kafukufuku wamkulu amene adachitika m'madera a ku Ulaya ndi ku Brazil, wofalitsidwa mu 2019, adapeza kuti wosuta tsiku ndi tsiku ali pa chiopsezo cha misala katatu kuposa wosasuta, ndipo chambacho chikakhala champhamvu chiopsezocho chimafika pafupifupi kasanu. Mphamvuyo imachokera ku chinthu chotchedwa THC. Chamba cha m'mafakitale chimene lamulo lathu lidalola sichiyenera kupitirira 1 peresenti ya THC, n'chifukwa chake sichiledzeretsa. Chathu chamakolochi chidatchuka kunja chifukwa n'chaukali. Ndipo palibe chizindikiro pamphumi chosonyeza kuti mwana uyu ubongo wake upirira, uyu ayi.

Anzanga ena amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Mwambiwu ngwabwino pa zinthu zofota n'kutayidwa kudzala, mwana n'kulira pang'ono n'kuiwala. Ubongo suli choncho, ndipo sufotera mwini yekha. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Wogulitsa mbuzi, wogona pansi m'mbali mwa bedi kuchipatala, wobisa mipeni yonse ya m'nyumba, ndi mayi.

N'chifukwa chake pa golosale ndikukana, ndipo umboni wanga sindiutenga kutali. Takumbukirani masacheti. Mowa ndi wololedwa, uli ndi lamulo lake, ziphaso zake, ndi msinkhu woyambira kumwa wa zaka 18. Koma opanga mowa ataona kuti wosauka ndi mwana wasukulu alibe ndalama ya botolo, adauthira m'timapepala ta mtengo wa switi. Timapepalato tinkatoledwa m'mabwalo a sukulu za pulayimale. Makondakitala ankayamba nato tsiku kusadache. Boma lidaletsa masacheti mu 2015, makampani adathamangira kukhoti, ndipo chiletso chitagwira ntchito mowa womwewo udabwerera m'timabotolo tapulasitiki tomwe anyamata akuti midoli. Ndani mwa inu adaonapo wogulitsa mowa akufunsa mwana chiphaso chaunzika? Ife eni ake timatuma adzukulu kukatigulira. Ngati tidalephera kulondera chipata chimenechi, ndani anditsimikizire kuti cha chamba tidzachilondera?

Phindu la malonda otere silichokera kwa wolawa pa Khirisimasi. Limachokera kwa amene chamulowerera, wobwera m'mawa ndi madzulo, ndipo wamalonda aliyense amadziwa kuti kasitomala woyamba ali mwana ndiye wokhalitsa. Dziko la Canada lidaloleza chamba mu Okutobala 2018. Ndi dziko lolemera, la apolisi ndi madokotala ambiri, komabe maswiti ndi mabisiketi a chamba atalowa m'masitolo, ana ang'onoang'ono othamangira nawo kuchipatala atadya mosadziwa adachuluka. Thailand idachotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa mu Juni 2022 lamulo loyendetsera malondawo lisadakonzeke. Masitolo adamera m'zikwizikwi, ndipo mu Juni 2025 boma lidabwerera m'mbuyo n'kulamula kuti wogula azionetsa kalata ya dokotala. Walira mvula walira matope. Amene akuwerengera msonkho umene ungalowe m'thumba la boma awerengenso mabedi amene adzafunike ku Zomba.

Dziko limene lidayesa kutsegula mosamala ndi Uruguay, mu 2013, pansi pa pulezidenti José Mujica. Kumeneko wogula amalembetsa dzina kuboma, sapitirira magalamu 40 pamwezi, amagula ku sitolo ya mankhwala, mtengo ndi mphamvu yake zimaikidwa ndi boma, ndipo kutsatsa malonda n'koletsedwa. Njira imeneyi imatheka pomwe boma limadziwa kuwerenga katundu wake. Kuno mankhwala a malungo a m'zipatala za boma akhala akupezeka akugulitsidwa m'misika. Tiyambe tatseka bowo limenelo.

Otsutsana nane ali ndi mfundo imodzi yolemera, ndipo ndiyenera kuipatsa ulemu wake. Iwo amati chamba chikugulitsidwa kale kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, wogulitsa wamseri safunsa zaka, salipira msonkho, ndipo angathe kusakanizamo chilichonse. Amakumbutsa kuti America idaletsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933, anthu osasiya kumwa, zigawenga ngati Al Capone n'kulemera, ena n'kufa ndi mowa wapoizoni. Kwathu konkuno mu 2024 tidaika maliro ku Blantyre chifukwa cha mowa wamseri uja ankautcha "ambuye nditengeni". Zonsezi n'zoona, kuletsa sikuthetsa chinthu. Koma taonani, mowa wa m'mabotolo wakhala wololedwa zaka zonsezi ndipo kachasu sadathe. Wosauka amapitabe komwe kuli kotchipa. Tikatsegula golosale, wamseri sadzatseka kwake, tidzangokhala ndi misika iwiri. Ndipo kampani ili ndi zinthu zimene wamseri alibe. Ingathe kukhoma chikwangwani pamsewu, kuthandiza timu ya mpira, kulipira oimba, kulemba maloya oti akaimitse lamulo lililonse kukhoti monga tidaonera pa masacheti. Mwana amene lero amasuta mobisa, akudziwa mumtima kuti pali cholakwika, mawa adzaona chinthu chomwecho pa jezi ya timu yake.

Tisaiwalenso kuti mankhwala osokoneza bongo sathera pa chamba. Ku Zimbabwe makolo akulira ndi mutoriro ndi mankhwala a chifuwa omwa ngati mowa. Ku South Africa kuli nyaope. Ku Sierra Leone, mu Epulo 2024, pulezidenti Julius Maada Bio adalengeza kuti dziko lili pangozi chifukwa cha kush. Heroin wochokera ku Afghanistan amakocheza pa gombe la kumpoto kwa Mozambique n'kuyenda pamsewu kulowera kummwera. Ife tili pakati pa njira zimenezi, ndi malire otseguka mbali zonse. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ogulitsa zinthu zoterezi lamulo liwagwire zolimba, ndipo apolisi amene akutha mafuta ndi nsapato pothamangitsa ndudu ziwiri amasulidwe kuti athamangitse malole.

Pali njira ina imene tikuidziwa kale. Morphine amachokera ku chomera chimodzimodzi ndi heroin, koma ku Tiyanjane, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndiye amene amagonetsa tulo odwala khansa omva ululu woopsa. Amakhala m'kabati yokhoma, mlingo wake ndi wolembedwa, wopereka amasaina m'buku. Chamba cha mankhwala chiyende njira yomweyo. Mu Disembala 2020 nthambi ya United Nations yoona za mankhwalawa idachichotsa pa mndandanda wa oopsetsetsa povomereza kuti chili ndi ntchito kuchipatala, ndipo pali mitundu ina ya khunyu ya ana imene mafuta ake amathandizadi. Zikakhala choncho, wodwala wa ku Ntcheu asamve kuti mankhwala olimidwa m'dziko lake akuchiza anthu ku Ulaya iye osawaona.

Abale athu achi Rasta amati kwa iwo chomerachi n'chopatulika. Nkhani yawo ndi ya ufulu wachipembedzo, ndipo makhoti ayenera kuimva modekha monga adamvera mu 2023 ya ana a madiredi amene ankakanidwa m'sukulu za boma. Chimene ndingawapemphe n'chakuti akulu awo akhale oyamba kunena mokweza kuti mwana ayi.

Inu aphungu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Musayambire pa kufafaniza chilango. Yambirani m'bajeti. Chipatala chilichonse cha boma pa boma chikhale ndi chipinda, mankhwala ndi anamwino ophunzira za matenda a muubongo ndi za kuthandiza munthu kusiya, ndipo alangizi a zaumoyo oyenda m'midzi aja aphunzitsidwe kuzindikira zizindikiro zoyamba. Gawo la ndalama za ziphaso za chamba lilembedwe m'lamulo kuti ndi la ntchito imeneyi, lisalowe m'thumba lalikulu momwe lingasowere. Zikatero, sinthani Dangerous Drugs Act kuti isiyanitse wosuta ndi wogulitsa pa mlingo wolembedwa m'magalamu, kuti wapolisi asamaweruze poona nkhope kapena nsapato za munthu. Wopezeka ndi chochepa akaonekere ku kabungwe ka pa boma, mukhale wazaumoyo, wa ofesi ya chisamaliro cha anthu ndi mfumu ya kwawo, ndipo dzina lake lisalowe m'buku la opalamula. Kenako werengani chaka ndi chaka, angati abwera, angati asiya, angati agonekedwa, kuti amene adzatsutsane za golosale m'tsogolo adzakhale ndi manambala athuathu.

Inu mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, mnyamata wosuta mukamudula mumpingo kapena kumuthamangitsa m'mudzi mwamupereka m'manja mwa wogulitsa, pakuti kumeneko kokha ndi komwe amulandire ndi dzina lake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Muitaneni, mupatseni ntchito yoti agwire, ndipo wogulitsira ana asukulu mumudziwa nonse, musamubise chifukwa ndi mphwanu.

Ana anga ndi adzukulu, wakutsina khutu ndi mnansi. Ndikudziwa kuti ambiri simusuta chifukwa cha mwano. Mumasuta chifukwa mwamaliza Fomu 4 ndipo tsiku ndi lalitali, chifukwa thumba la simenti likulemera, chifukwa kunyumba kuli ndewu. Mlandu wa ulova ngwathu akulu, sindiukana. Koma ngati sudayambe, usayambe ubongo ukadali wanthete. Ngati udayamba kale, usachisandutse cha tsiku ndi tsiku, usachisakanize ndi midoli kapena mapilitsi, ndipo usakweze munthu pa njinga yamoto utasuta. Ngati kwanu kudadwalapo wina misala, kaya ndi malume kaya ndi agogo, chisiyiretu, pakuti chiopsezo chako n'choposa cha anzako. Ukaona kuti sungadye, sungagone, sungagwire ntchito usadasute, uza munthu wamkulu amene umamukhulupirira.

Ndipo inu makolo anzanga, m'mera mpoyamba. Lekani kutuma ana ndudu ndi mowa. Kambani nawo za chamba akadali ku pulayimale, mowauza zoona, osati mowaopseza ndi nthano zimene mnzawo wa kuseri kwa kalasi angazitsutse tsiku limodzi. Mwana akayamba kusagona usiku, kuyankhula yekha, kukayikira chakudya cha mayi ake kapena kunena kuti akumva mawu, musadikire kuti ayatse nkhokwe, ndipo musathere ziweto m'njira. Pitani naye ku chipatala cha boma mukafunse namwino woona za matenda a muubongo. Mukafika, nenani zonse osabisa: adayamba liti, amasuta kangati patsiku, amasakaniza ndi chiyani, ndiponso ngati m'banjamo mudadwalapo wina. Namwino si wapolisi, ndipo chithandizo chikayamba msanga mwayi woti mwanayo abwerere kusukulu umakula.